Chifundo cha Verdi ndi malire ake

Mwa anthu onse amene anapeka nyimbo za zisudzo ku Ulaya, ndi ochepa amene dzina lawo linafika kutali ngati la Giuseppe Verdi wa ku Italy. Ngakhale munthu amene sanalowepo m'nyumba ya zisudzo mwina anamvapo nyimbo ya malipenga ya m'sewero lake la Aida, chifukwa ochemerera mpira m'mabwalo a ku Ulaya amakonda kuiimba. Luso limene iye anatchuka nalo limatchedwa opera, sewero limene mawu ake onse amachita kuimbidwa, zoimbira zambirimbiri zikuperekeza. Masheikh athu amasiyana maganizo pa nkhani ya zoimbira, ndipo tsamba lino si bwalo logamulirapo mlandu umenewo. Chimene chatikokera kwa Verdi n'china. Kangapo m'moyo wake, munthuyu anaika Msilamu ndi munthu wa mu Africa pa siteji, ndipo kwa zaka zoposa 150 anthu miyandamiyanda akhala akutiona kudzera m'maso ake. N'choyenera kuti tifunse mmene iye anationera.

Chimene tapeza n'chakuti Verdi anali ndi chifundo chenicheni pa anthu oponderezedwa, ndipo chifundocho ndicho mzati wa luso lake lonse. Koma chikafika kwa Msilamu chinkayamba kutsimphina. Kuti Msilamu wa m'masewero ake amveredwe chisoni, ankayenera kuyamba wasiya Chisilamu chake pakhomo.

Tiyambe ndi kumene chifundocho chinachokera. Verdi anabadwa mu Okutobala 1813 m'kamudzi ka Le Roncole, pafupi ndi tauni ya Busseto, kumpoto kwa Italy. Bambo ake ankayendetsa kanyumba ka alendo, ndipo mayi ake ankapota ulusi. Wamalonda wina wa ku Busseto, Antonio Barezzi, ndiye anaona luso la mnyamatayo n'kuyamba kumulipirira maphunziro. M'chaka cha 1832 sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Milan inamukana malo, mwa zina chifukwa zaka zake zinali zitapitirira malire, motero anaphunzira kwa mphunzitsi wapadera dzina lake Vincenzo Lavigna. Mu 1836 anakwatira Margherita, mwana wa Barezzi yemweyo, ndipo anabereka ana awiri.

Apa m'pamene mtambo wakuda unagwa pa banjali. Mwana wawo wamkazi, Virginia, anamwalira mu 1838. Wamwamuna, Icilio, anatsatira mu 1839. Mu Juni 1840 Margherita nayenso anatsikira kuli chete. Pa nthawi imeneyo n'kuti Verdi ali pa mgwirizano wolemba sewero lanthabwala, Un giorno di regno, ndipo litaonetsedwa pa La Scala, nyumba yaikulu ya zisudzo ya ku Milan, anthu analikuwiza moti linachotsedwa litangoseweredwa usiku umodzi. Asanakwanitse zaka 27, munthuyu anali ataika m'manda mkazi ndi ana ake onse awiri. Aliyense amene anakhalapo pa siwa ya mwana akudziwa kuti bala lotere limapola pamwamba pokha.

Anadzukanso mu 1842 ndi sewero la Nabucco, lonena za mfumu Nebukadinezara ndi ana a Israeli ali ku ukapolo ku Babulo. Nyimbo ya akapolo olira kwawo m'mbali mwa mtsinje inasanduka chuma cha Ataliyana onse. Pa nthawiyo Milan anali pansi pa ulamuliro wa Austria, ndipo patapita zaka anthu anayamba kunena kuti nyimboyo inali kulira kwa Italy mwini. Akatswiri a mbiri aonetsa kuti nthano imeneyi inakula pambuyo pake, dziko litagwirizana kale, komabe n'zosavuta kumvetsa chifukwa chake inamera mizu. Verdi ankadziwa kuimbitsa khamu la anthu ngati munthu mmodzi wosweka mtima.

M'zaka zotsatira anagwira ntchito ngati bulu, nthawi zina masewero awiri pa chaka, mpaka anafika pa atatu amene anamuika pamwamba: Rigoletto mu 1851, kenako Il trovatore ndi La traviata mu 1853. Tikayang'ana anthu amene anawasankha kukhala eni nkhani, timaona mtima wake. Rigoletto ndi munthu wa linunda, wolembedwa ntchito yoseketsa anthu kunyumba ya mfumu, amene chuma chake chokha ndi mwana wake wamkazi. Violetta wa mu La traviata ndi mkazi amene anthu olemekezeka amacheza naye usiku n'kumunyoza masana, ndipo akufa ndi chifuwa chachikulu. Olemba ena akanawasandutsa chitsanzo chochenjezera ana. Verdi anawapatsa nyimbo zokoma kuposa za mafumu. Ndipo mobwerezabwereza, m'sewero ili ndi ilo, timapeza bambo ndi mwana wake wamkazi akuimba pamodzi, wina ali pafupi kutaya mnzake. Sitingalowe mu mtima wa munthu, koma n'kovuta kumva nyimbo zimenezi osakumbukira manda aang'ono awiri aja.

Ameneyu ndiye Verdi amene dziko limamukonda, ndipo ife sitikumulanda ulemu umenewo. Tsopano tione mmene chifundo chomwechi chinayendera chitakumana ndi Msilamu.

Mu 1843, chaka chimodzi chitangopita chionetsereni Nabucco, Verdi anatulutsa I Lombardi alla prima crociata, sewero la ankhondo a ku Lombardy pa nkhondo yoyamba ya mtanda. Mbiri ikutiuza kuti ankhondo amenewa analanda Antioch mu 1098 ndi Jerusalem mu 1099, ndipo atalowa mu Jerusalem anapha Asilamu ndi Ayuda ochuluka zedi. M'seweroli, Giselda, mwana wa mtsogoleri wa ankhondo a mtanda, wagwidwa ndipo akusungidwa m'nyumba ya wolamulira wa Antioch. Mwana wa wolamulirayo, Oronte, wamukonda, ndipo nayenso Giselda wamukonda.

Pali malo amodzi m'seweroli oyenera kuwayamikira. Ankhondo a mtanda atalowa mumzinda manja ali magazi okhaokha, Giselda akuimirira pamaso pa bambo ake n'kuwadzudzula kuti kupha kotereku sikuchokera kwa Mulungu, ndipo chimene chawabweretsa ndi dyera la chuma cha eni dziko. Nyimbo imene Verdi anamupatsa pamenepa ndi yaukali, yothamanga, yosapempha chilolezo kwa aliyense. Mu Italy wa 1843, kuika mawu oterewa m'kamwa mwa mkazi wachikhristu kunafunika mtima. Koma taonani zimene zikutsatira. Anthu ena pa sitejipo akunena kuti mtsikanayo wapenga. Oronte, atavulala kwambiri, akubatizidwa asanatsirizike, ndipo m'chigawo chomaliza akuonekera m'maloto ali kumwamba, akulozera ankhondo a mtanda kumene kuli madzi kuti apeze mphamvu zokalandira Jerusalem. Mayi ake nawo tikuuzidwa kuti anali atalowa kale Chikhristu mobisa. Choncho Asilamu awiri okha amene omvera akuloledwa kuwakonda ndi amene asiya chipembedzo chawo. Otsalawo ndi khamu lofuula, loyembekezera lupanga. Mu Il corsaro, sewero la mu 1848, zinthu sizinasinthe. Msilamu wake ndi Pasha Seid, mwamuna wankhanza wosunga akazi m'goli, amene imfa yake omvera akuyembekezeredwa kuilandira mosangalala.

Wina anganene kuti Verdi sankalemba yekha mawu a masewero ake, ndipo n'zoona. Mawu a I Lombardi analemba ndi Temistocle Solera. Koma makalata a Verdi akuonetsa munthu amene ankalimbana ndi olemba mawu ake pa mzere uliwonse, kuwabwezera ntchito mpaka itamukhutiritsa. Pamene akuluakulu ounika zisudzo a boma la Austria anafuna kuchotsa linunda la Rigoletto, iye anakana kwamtuwagalu, ndipo linundalo linatsala. Kumenyera nkhondo munthu amene ena akumuchepsa ankakudziwa. Pa Oronte nkhondo imeneyo sanaimenye, chifukwa sanaone kuti pali china chomenyera.

Nkhani ya Aida ndiyo yotikhudza kwambiri, chifukwa amene analipira ndalama zake anali Msilamu. Khedive Ismail, amene analamulira Egypt kuyambira 1863 mpaka 1879, anaphunzira ku Paris ndipo ankalakalaka kuti Cairo afanane ndi mzinda umenewo. Pokonzekera kutsegulira ngalande ya Suez mu Novembala 1869, anamanga nyumba ya opera m'miyezi yowerengeka, ndipo sewero loyamba kuonetsedwamo linali Rigoletto. Kenako anafuna sewero lakelake, lonena za dziko lake. Nkhani yake inachokera kwa Auguste Mariette, Mfalansa wofukula zinthu zakale za Egypt. Mawu ake analemba ndi Antonio Ghislanzoni m'Chitaliyana. Zovala ndi zokongoletsa siteji zinapangidwa ku Paris, ndipo zinatsekeredwa kumeneko pamene ankhondo a Prussia anazinga mzindawo mu 1870. Verdi analandira mafranc 150,000. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku Cairo pa 24 Disembala 1871, koma iye sanapiteko. Tsiku limene analiwerengera linali la 8 Febuluwale 1872, pamene linaonetsedwa ku Milan. Mpaka imfa yake sanapondepo nthaka ya Egypt.

Aida ndi mwana wa Amonasro, mfumu ya Ethiopia, koma ndi kapolo m'nyumba ya Farao. Iye ndi mbuye wake Amneris, mwana wa Farao, onse akukonda Radames, mkulu wa ankhondo amene watumidwa kukathira nkhondo Ethiopia. Radames akubwerako atapambana, ndipo pakati pa ogwidwa pali bambo a Aida. Malipenga otchuka aja amalira pamenepa. Amene amangodziwa nyimbo imeneyi yokha amaganiza kuti Aida ndi sewero lotamanda nkhondo. Koma mtima wa seweroli uli m'chigawo chachitatu, usiku, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Kumeneko khamu lachoka, zoimbira zatsika mawu, ndipo Aida akukumbukira kwawo kumene akudziwa kuti sadzakuonanso. Bambo ake akutulukira n'kumuumiriza kuti anyengerere Radames aulule njira imene ankhondo adzadutse. Atakana, akumutemberera kuti si mwana wawonso, ndi kapolo wa Afarao basi. Verdi sanalembepo nyimbo ya bambo ndi mwana yopweteka kuposa imeneyi. Pamapeto pake ansembe akuweruza Radames kuti akwiriridwe wamoyo, ndipo Aida akubisala m'manda momwemo kuti afere limodzi naye.

Ife a m'mbali mwa nyanja, amene makolo athu anaiona ndi maso nyengo imene anthu ankagulitsidwa n'kuwolotsedwa pa madzi, sitingaione mopepuka nkhani ya kapolo wolira kwawo. Ndipo chilungamo chikutikakamiza kunena kuti pano Verdi anaima ndi wogonjetsedwa. Nyimbo zofewa ndi zozama anazipereka kwa mkazi wakuda wa ku Ethiopia, ndipo ansembe a Farao anawapatsa mawu ouma ngati mwala.

Mlembi wa ku Palestine, Edward Said, m'buku lake la mu 1993 lotchedwa Culture and Imperialism, anaona mbali ina. Iye anati Aida ndi Egypt wopangidwa ku Ulaya kuti Azungu amuonere, Egypt wa zipilala ndi mafano amene Azungu anafukula, wopanda anthu amoyo amene ankakhala m'dzikomo mu 1871. Ena amutsutsa, ponena kuti m'seweroli Egypt ndiye wopondereza ndipo Ethiopia ndiye woponderezedwa, choncho silingakhale sewero lokometsa atsamunda. Ife tikuona kuti otsutsawa akunena zoona za nkhani ya pa siteji, pamene Said akunena zoona za nyumba imene sitejiyo inalimo. Kuyenda pansi kuchokera pa nyumba ya opera ija kukafika ku mzikiti wa al-Azhar sikunkatha ola limodzi, ndipo pa nthawiyo mzikitiwo unali ndi zaka pafupifupi 900. Cairo anali ndi owerenga Qur'an, alakatuli ndi oimba akeake. Mu Aida mulibe chilichonse cha zimenezi. Nyimbo zimene zimamveka ngati za ku Egypt m'seweroli Verdi anangozipeka m'mutu mwake ali ku Italy. Ambiri mwa amene anakhala pa mipando usiku woyamba anali Azungu ndi akuluakulu a boma, pamene alimi amene misonkho yawo inamanga nyumbayo, ndi amene abale awo anakumba ngalande ya Suez pa ntchito ya thangata m'zaka zoyambirira, anali kunja.

Mlandu umenewu sitingausenzetse Verdi yekha. Iye anagulitsa chimene wogula anaitanitsa. Ismail ndiye anasankha kuti dziko lake lionetsedwe kwa alendo litavala zovala za Farao, ngati kuti zaka zoposa 1,200 za Chisilamu m'dzikomo zinali zochititsa manyazi pamaso pa Paris. Ndipo zambiri za ulemerero umenewu zinali za ngongole. Mu 1875 anagulitsa gawo la Egypt m'kampani ya ngalande ya Suez kwa Angerezi pa mapaundi pafupifupi 4 miliyoni. M'chaka chomwecho anatumiza ankhondo enieni ku Ethiopia, ndipo zinthu sizinayende ngati pa siteji: mfumu Yohannes IV anawagonjetsa ku Gundet mu 1875 ndi ku Gura mu 1876. Mu 1879 Ismail anachotsedwa pa mpando mokakamizidwa ndi mayiko amene anamukongoza, ndipo mu 1882 ankhondo a Britain analowa mu Cairo. Amati mwana wa mfumu asamatenthe tsekera, koma pano mfumu yeniyeniyo inatentha nkhokwe kuti alendo aone kuwala.

Atamaliza Aida, Verdi anakhala nthawi yaitali osalemba sewero latsopano. Mu 1874 anapeka nyimbo ya maliro yokumbukira mlembi Alessandro Manzoni, ndipo masiku ake ambiri ankathera pa munda wake wa Sant'Agata, akuyang'anira ziweto ndi ngalande za madzi. Anabweranso mu 1887, ali ndi zaka 73, ndi sewero la Otello, lotengedwa kwa William Shakespeare, mawu ake atakonzedwa ndi Arrigo Boito. Odziwa nyimbo ambiri amati pano ndi pamene luso lake linafika pachimake, chifukwa nyimbo ndi nkhani zikuyendera limodzi osaima kuti oimba aomberedwe m'manja. Otello ndi Moor, dzina limene Azungu ankatchulira Asilamu a kumpoto kwa Africa ndi a ku Andalusia, koma iye ndi Mkhristu ndiponso mkulu wa ankhondo a Venice. Seweroli likuyamba ndi mkuntho pa nyanja ya ku Cyprus, ndipo mawu oyamba otuluka m'kamwa mwa Otello ndi olengeza kuti zombo za Asilamu zamira. Khamu likukondwera.

Verdi anamupatsa Otello ulemerero umene olemba ambiri a nthawi yake sakanaupereka kwa munthu wakuda. Choipa chonse cha m'seweroli chikuchokera kwa Jago, Mzungu wa lilime lokoma, amene akuthira nsanje mu mtima wa mbuye wake mpaka Otello akupha mkazi wake wosalakwa. Ngakhale atachita choipitsitsa chotero, nyimbo ya imfa yake imamulira ngati munthu wamkulu amene wagwa. Komabe mtengo wolowera pa siteji ndi womwe uja wa Oronte, zaka 44 zitapita. Mwana wa Asilamu akulandiridwa chifukwa wamiza Asilamu. Ndipo kwa zaka zoposa 100, oimba achizungu ankadzipaka zakuda kumaso kuti asewere gawo limeneli. Nyumba ya Metropolitan Opera ya ku New York inasiya mchitidwewu mu 2015.

Zaka zomaliza za Verdi zikutikumbutsa kuti munthu sayezedwa ndi mbali imodzi. Mu 1888 anatsegulira chipatala chimene anamangitsa ndi ndalama zake ku Villanova sull'Arda, kuti alimi osauka a m'dera lake asamafere m'njira popita kutali. Mu 1893, ali ndi zaka 79, anatulutsa Falstaff, sewero lanthabwala, n'kupukuta manyazi a mu 1840 aja. Ku Milan anamanga nyumba yosungiramo oimba okalamba amene alibe powagwira, n'kulamula kuti ndalama za masewero ake zizithandiza nyumbayo iye atapita. Mpaka lero ikugwirabe ntchito, ndipo manda ake ndi a mkazi wake wachiwiri, Giuseppina Strepponi, ali momwemo. Ife timadziwa kufunika kwa sadaka imene imapitirira mwini wake atagona, ndipo chiweruzo cha mitima timachisiya kwa Allah. Anamwalira pa 27 Januwale 1901. M'masiku ake omaliza anthu a ku Milan anayala udzu mu msewu wa pafupi ndi hotela imene ankagonamo kuti phokoso la ngolo lisamusokoneze.

Chipembedzo chathu chimatilamula kuchita chilungamo ngakhale kwa amene sanatichitire chilungamo chonse. Choncho sitinena kuti Verdi anali mdani wathu. Anali munthu wa chifundo chachikulu, koma Msilamu amene anamuika pa siteji anali wa m'mabuku a Azungu anzake. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti chithunzi cholakwika chikavekedwa nyimbo yokoma chimakhalitsa kuposa cha m'nyuzipepala. Nyuzipepala ya mu 1887 palibe amaiwerenga, koma Otello akumizabe zombo zija chaka ndi chaka m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi, anthu n'kumaomba m'manja. Ana athu amene akuphunzira kunja kapena kuonera zinthu zotere pa intaneti ayenera kudziwa kumva kukoma kwa luso ndi kuona chimene lusolo labisa, zonse pa nthawi imodzi.

Koma amene ayenera kutisowetsa tulo kwambiri ndi Ismail. Anali ndi ndalama zokwanira kulera alakatuli ndi olemba a m'dziko lake kwa m'badwo wonse, koma anazitumiza ku Ulaya kuti mlendo amujambulire nkhope ya kwawo. Nyumba yake ya opera, yomwe mbali yaikulu inali ya matabwa, inapsa mu Okutobala 1971, ndipo pa malopo lero pali nyumba yosanjikizana yoimikamo magalimoto. Aida akuimbidwabe m'Chitaliyana, ndipo phindu ndi ulemu wake zinabwerera ku Milan. Nafenso tili ndi mbiri ya misikiti yathu yakale, ya masheikh amene anayenda pansi kukafuna maphunziro kugombe la nyanja yaikulu, ya amayi amene anasunga chipembedzo m'makomo nthawi imene sukulu zinkafuna kuti mwana asinthe dzina asanalembedwe. Okalamba amene akuzikumbukira zimenezi akutha mmodzimmodzi, ndipo zochuluka sizinalembedwe ndi dzanja lathu.